Njoka za mitu iwiri m'minda ya ku Harare: dzina limodzi, njoka zosiyana

Mvula yoyamba ikangogwa m'mwezi wa Novembala, malo aliwonse opanda nyumba m'malokeshoni a mzinda wa Harare amasanduka munda. Anthu a ku Kambuzuma, Mufakose ndi Budiriro amatsikira m'madambo a mtsinje wa Marimba, a ku Mbare ndi Glen Norah amalima m'mbali mwa Mukuvisi, pamene a ku Mabvuku ndi Tafara amadzala chimanga, mbatata ndi maungu pakati pa miyala, m'mphepete mwa misewu ngakhalenso pansi pa nthambo za magetsi. Ndi pa nyengo yomweyi pamene khasu limafukula kanthu kamene sikasowa m'nkhani za alimi: kanjoka kakuda kapena kotuwa, kosalala ndi konyezimira ngati kapakidwa mafuta, kamene munthu sangadziwe msanga kuti kumutu ndi kuti, kumchira ndi kuti.

Akuluakulu ambiri akakaona amakadula pakati ndi khasu nthawi yomweyo, ndipo ena amaweruka kumunda n'kumati aona malodza. Ana ndi anyamata amachita zina. Iwo amakatola ndi manja n'kumasewera nako, poti anamva kuti njoka yotere siluma. Zoona zake n'zakuti pansi pa nthaka ya Harare mulibe njoka imodzi yokha ya maonekedwe amenewa. Muli mitundu ingapo. Yambiri ilibe ululu ndipo siingathe n'komwe kuboola khungu la munthu, choncho woipha amangotaya mphamvu zake ndi kuchotsa mthandizi m'munda mwake. Koma pali mtundu umodzi wofanana nayo kwambiri umene ungathe kudulitsa munthu chala.

Nkhani ya kasanjidwe ka njoka m'mabanja ndi m'mitundu imamveka ngati ya aphunzitsi a kuyunivesite okha. Pa tinjoka ta m'dothi, nkhaniyi imafika mpaka pa dzanja la mlimi ndi pa phazi la mwana.

Kufanana nkhope si ubale

Mabanja ambiri a m'madera amenewa ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete m'nthawi ya atsamunda, kudzagwira ntchito m'mafakitale, m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Makolowo anabwera ndi mayina a njoka a kumudzi: nsato, mphiri, songo, nalikukuti. Kanjoka ka m'dothi anali kukatcha nthongo, kapena kungoti njoka ya mitu iwiri. Anansi awo olankhula Chishona amati tsukukuviri, dzina limene amapatsanso munthu wapawiripawiri, wouza uyu zina ndi uyo zina.

Mayinawa amafotokoza bwino zimene diso likuona. Vuto lake n'lakuti moyo wa pansi pa nthaka umaumba zamoyo zonse mofanana. Chilichonse chimene chimadzikumbira njira m'dothi popanda miyendo chimasowa mutu wolimba ndi wobuntha wokankhira dothi, khosi lonenepa mofanana ndi thupi lonse, mamba osalala kuti matope asamamatire, ndi mchira waufupi wosakola. Maso aakulu alibe ntchito kumdima, ndipo mchenga ungawavulaze. Zili ngati anthu otuluka mumgodi madzulo: onse avala zisoti zofanana, onse ayera ndi fumbi limodzi, chikhalirecho wina ndi Banda, wina ndi Moyo, wina ndi Ncube. Njoka zimene sizili paubale wapafupi ngakhale pang'ono zinafika pa maonekedwe amodzi chifukwa cha ntchito imodzi.

Akatswiri a zamoyo sadalira maonekedwe a kunja okha. Amawerenga mizere ya mamba kuzungulira thupi, amayang'ana kumene kuli mano, amayerekeza mafupa a chigaza, ndipo masiku ano amapimanso DNA, chinthu cha m'thupi chimene mwana amatengera kwa makolo ake. Kuyambira mu 1758, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa dongosololi pa nyama, chamoyo chilichonse chimapatsidwa mayina awiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, limene abale apafupi amagawana, ndipo lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokha. Mifunda yoyandikana imaikidwa m'banja limodzi. Padziko lonse pali mitundu ya njoka yoposa 4,000, ndipo ku Zimbabwe kuli pafupifupi 80. Mitundu yoposa 400 ya padziko lapansi ndi ya njoka zosapenya, zimene ife timati za mitu iwiri.

Mabanja awiri osaluma

Ku Harare, monga kwina konse m'chigawo chino cha Africa, njoka zosapenya zili m'mabanja awiri. Loyamba limatchedwa Typhlopidae, ndipo ndi la njoka zonenepako. Yodziwika kwambiri m'dera la mtsinje wa Zambezi ndi maiko ozungulira ndi Afrotyphlops mucruso, imene katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, anaitcha dzina mu 1854 atabwerako ku ulendo wake wa ku Mozambique umene unamufikitsa ku Tete m'zaka za m'ma 1840. Njoka imeneyi ndi imodzi mwa zazikulu koposa m'banja lonse, pakuti yaikazi yokhwima imatha kufika masentimita 80 ndi kunenepa kuposa chala chachikulu. Ina imakhala ya mawangamawanga akuda ndi achikasu, ina ya timizere tating'ono. Kumphuno ili ndi mamba amodzi aakulu, olimba ndi akuthwa m'mphepete ngati khasu, ndipo kumchira kuli kaminga kamene imayedzamira pokankha thupi. Kamingaka ndi kamene kamachititsa anthu kunena kuti njokayi imaluma ndi kumchira. Munthu akaigwira imamubaya nako pofuna kupulumuka, koma mulibe ululu ngakhale dontho limodzi.

Banja lachiwiri ndi Leptotyphlopidae, la tinjoka towonda ngati chingwe cha nsapato kapena kuchepera apo, totalika masentimita 15 mpaka 25. Tina ndi takuda bii, tina tofiirira ngati nyongolotsi, ndipo alimi ambiri amatiyesa nyongolotsi ndithu mpaka ataona kalilime kakutuluka. Peters yemweyo ndiye anatcha mayina mitundu iwiri yofala ya banjali, Leptotyphlops scutifrons ndi Myriopholis longicauda, kuchokera m'chigwa chomwecho cha Zambezi.

Chimene chimalekanitsa mabanja awiriwa chili m'kamwa. A Typhlopidae ali ndi mano kunsagwada ya pamwamba yokha, pamene a Leptotyphlopidae ali nawo kunsagwada ya pansi yokha. Manowo ndi ochepa, aang'ono, ndipo ntchito yake ndi kukokera chakudya kukhosi mofulumira ngati munthu wokokolola chimanga ndi manja. Kamwa yake ndi yaing'ono ndipo ili kunsi kwa mutu. Maso alipo, koma ali pansi pa mamba, amaoneka ngati timadontho tiwiri takuda, ndipo amangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Chakudya chawo ndi chiswe, nyerere, makamaka mazira ndi mphutsi zake. Kanjoka kotere kamalondola fungo la njira ya nyerere mpaka kukalowa m'funkha mwawo, n'kumeza mphutsi zambirimbiri pa kanthawi kochepa, kenaka n'kutha masiku ambiri osadyanso. Nyerere zikakaukira, mamba ake osalala amazilepheretsa kugwira, ndipo mitundu ina imadzipaka madzi onunkha otuluka kumchira amene amathamangitsa nyererezo. Ku Texas m'dziko la America, ofufuza analemba mu 1987 kuti akadzidzi ena amatengera tinjoka totere tamoyo m'zisa zawo, ndipo timakhala pansi pa chisa n'kumadya mphutsi zimene zikanavutitsa anapiye. Anapiye a m'zisa zokhala ndi tinjokati anali kukula msanga kuposa anzawo.

Tisakokomeze phindu lake. Njoka zosapenya sizingathetse chiswe m'munda wa chimanga, ndipo mlimi amene chiswe chikumugwetsera mapesi asayembekeze kuti tinjoka tiwiri timupulumutsa. Koma sizidya mizu, sizidya mbewu, siziluma munthu kapena nkhuku, ndipo kupezeka kwake ndi umboni wakuti nthakayo ili ndi chinyezi ndi zamoyo zokwanira. Kuyambira mu 2020, pamene boma la Zimbabwe linayamba kulimbikitsa ulimi wa Pfumvudza m'dziko lonse, alimi ambiri a m'tauni akhala akukumba mapando ndi kuphimbira nthaka ndi udzu ndi mapesi, monga umachitikira ulimi wa mleranthaka ku Malawi. Zophimbirazo zimaitana chiswe, ndipo chiswe chimaitana adani ake. Mlimi wophimbira bwino ayenera kuyembekezera kukumana ndi tinjoka ta m'dothi kawirikawiri kuposa wotentha zinyalala zonse.

Palinso chamoyo china chimene khasu limafukula, chotuwa mofiirira, cha mikombero m'thupi ngati nyongolotsi yaikulu, chimene chimayenda chakutsogolo ndi chakumbuyo momwe. Chimenechi si njoka n'komwe koma m'bale wa buluzi wopanda miyendo. Mfunda wina wa zamoyozi umatchedwa Chirindia, dzina lochokera ku nkhalango ya Chirinda ya ku Mount Selinda, kum'mawa kwa Zimbabwe, kumene kunapezeka mtundu umene George Boulenger anaulemba m'mabuku mu 1907. Nachonso chilibe ululu.

Mayina osinthasintha

Mlangizi amene angatsegule mabuku awiri a njoka, lina la m'ma 1980 ndi lina la posachedwapa, angadabwe kuona njoka imodzi ili ndi mayina osiyana. Njoka ya Peters ya ku Tete ija ndi chitsanzo chabwino. Mwiniwake anaitcha Onychocephalus mucruso. Pambuyo pake inaikidwa mu mfunda wa Typhlops, kenaka wa Rhinotyphlops, ndipo kwa zaka zambiri inkayesedwa nthambi chabe ya mtundu wina wa kum'mwera wotchedwa schlegelii. Mu 2009 inakhala Megatyphlops mucruso, ndipo mu 2014 inasamutsidwira ku Afrotyphlops. Njokayo sinasinthe. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa zimene anthu akudziwa za abale ake.

Ntchito yaikulu pa nkhaniyi inachitikira mu Zimbabwe momwemo. Donald Broadley, amene anabadwa mu 1932 ndi kumwalira mu 2016, anagwira ntchito kwa zaka zambiri ku nyumba yosungira zachilengedwe ya ku Mutare, kenaka ku Natural History Museum of Zimbabwe ku Bulawayo, kumene anasonkhanitsa njoka, abuluzi ndi achule ambirimbiri osungidwa m'mabotolo a mankhwala. Nkhokwe imeneyi ndi imodzi mwa zazikulu koposa mu Africa. Iye pamodzi ndi Van Wallach wa ku America ndiwo anasanthula njoka zosapenya za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa mu 2009, powerenga mamba a njoka imodziimodzi. Ndi ntchito yotopetsa maso, pakuti kanjoka kochepa ngati ulusi kamatha kukhala ndi mamba oposa 200 kuchokera kumutu kufika kumchira, ndipo kusiyana kwa mitundu iwiri nthawi zina kumagona pa mzere umodzi wokha.

Abale ambiri a tinjokati amakhala m'nkhalango zowirira za m'maiko otentha, pansi pa masamba ovunda ndi zipika zowola, kumene munthu sawaona pokhapokha atakumba. N'chifukwa chake kasanjidwe kawo kanachedwa kulongosoka kusiyana ndi ka mamba kapena mphiri. Kwa nthawi yaitali mabanja a njoka zosapenya ankawerengedwa atatu: awiri athu aja ndi Anomalepididae la ku Central America ndi South America. Mu 2010, Nicolas Vidal, Blair Hedges ndi anzawo atapima DNA anawonjezera mabanja awiri, Gerrhopilidae la ku India, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi New Guinea, ndi Xenotyphlopidae la pa chilumba cha Madagascar. Kafukufukuyo anasonyeza kuti njokazi ndi zakale kwambiri, ndipo nthambi zake zinapatukana pamene maiko amene kale anali mtunda umodzi, monga India ndi Madagascar, anali kung'ambika ndi kutalikirana.

M'banja la tinjoka towonda muli njoka yaing'ono koposa padziko lonse, Tetracheilostoma carlae ya pa chilumba cha Barbados, yotalika masentimita 10 okha, imene Hedges anailemba mu 2008. Nkhalango za pachilumbacho zinatha pafupifupi zonse chifukwa cha minda ya nzimbe, ndipo kanjokako kanasowa kwa zaka zambiri mpaka pamene kanapezekanso pansi pa mwala mu 2025. Kumapiri a kum'mwera kwa India ndi ku Sri Lanka kuli banja lina, Uropeltidae, la njoka zokumba zimene mchira wake umathera pa chishango cholimba ndipo zimadya nyongolotsi. Ukaziona ungati ndi nthongo za kwathu, koma zili pa nthambi ina ndithu.

Ogulitsa mbande za maluwa ndi mitengo m'mphepete mwa misewu ya Harare angakondwe kumva za Indotyphlops braminus, kanjoka ka ku Asia kamene kafalikira m'maiko ambiri otentha, kuphatikizapo m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, poyenda m'dothi la m'miphika ya maluwa. Mtundu wonsewo ndi wa zazikazi zokhazokha, zimene zimaikira mazira oswa popanda yaimuna, kotero kanjoka kamodzi kobisala m'chubu cha mbande n'kokwanira kuyambitsa mtundu kudziko lachilendo.

Mlendo amene wavala zofanana

Tsono tifike pa njoka imene yachititsa kuti nkhaniyi ilembedwe. Dzina lake ndi Atractaspis bibronii, ndipo imapezeka m'madera ambiri a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ndi yakuda kapena yakuda mofiirira, yonyezimira, ya mutu waung'ono wosasiyana ndi khosi, maso aang'ono ndi mchira waufupi wothera pa kaminga. Kawirikawiri imatalika masentimita 30 mpaka 40. Imakhala m'dothi, pansi pa miyala, zipika ndi milu ya zinyalala, ndipo imatuluka usiku kukakhala kofunda mvula itagwa. Zonsezi zikufanana ndi nthongo. Koma si m'bale wake. Ndi mdani wake, pakuti imadya njoka zosapenya, abuluzi a m'dothi, achule ndi ana a mbewa amene imawapeza kuuna.

Njoka imeneyi inasokoneza ngakhale akatswiri. Andrew Smith anaitcha dzina mu 1849, ndipo kwa zaka zoposa 100 inkawerengedwa m'banja la mphiri chifukwa cha mano ake aatali a ululu a kutsogolo. Ofufuza atayerekeza bwino mafupa a chigaza m'zaka za m'ma 1960 anaona kuti si mphiri konse, ndipo lero ili m'gulu lakelake pamodzi ndi njoka zina zokumba za mu Africa. Smith yemweyo anatchanso njoka ina yosapenya ya ku South Africa dzina la bibronii, polemekeza katswiri mmodzi wa ku France, Gabriel Bibron. Choncho pali Afrotyphlops bibronii yosaluma ndi Atractaspis bibronii ya ululu. Mlangizi wolemba lipoti kapena wofufuza pa intaneti alembe mayina onse awiri, pakuti lachiwiri lokha lingamusocheretse.

Kuopsa kwake kwagona pa kalumidwe. Njoka zina zonse zimayasamula kuti zilume, n'chifukwa chake ogwira njoka amazitsina kuseri kwa mutu. Mu una wopapatiza mulibe malo oyasamulira, choncho Atractaspis imaluma kukamwa kuli kotseka. Mano ake awiri aatali amagona chogonera kuloza kumbuyo. Ikafuna kubaya imatulutsa dzino limodzi chammbali, n'kukokera mutu pansi ndi kumbuyo ngati munthu wokoka chikwakwa. Chala chimene chaigwira pakhosi ndicho chimakhala pamalo enieni pamene dzinolo limafikira. Palibe kagwiridwe ka manja kamene kali kotetezeka pa njoka imeneyi, ndipo ambiri mwa olumidwa ndi anthu amene anaitola akudziwa ndithu kagwiridwe ka njoka zina. Bungwe la African Snakebite Institute la ku South Africa limaiwerengera pamodzi ndi mphiri ndi mamba yolavula ya ku Mozambique pa njoka zimene zimavulaza anthu ambiri kum'mwera kwa Africa.

Ululu wake umawononga mnofu. Pamalo polumidwa pamayamba kuwawa kwambiri ngati moto, pamatupa, ndipo kutupako kumatha kukwera dzanja lonse mpaka mwanabere kutuluka m'khwapa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri pamatuluka thuza lakuda, ndipo mnofu wa pansi pake umafa. Anthu ambiri amachira patapita milungu ingapo, koma ena amataya nsonga ya chala kapena chala chonse, ena chimauma osapindikanso. Imfa ndi zosowa kwambiri pa mtundu uwu. Komabe kwa mayi wosoka zovala ku Glen View, kalipentala, kapena mwana wa sukulu amene akuphunzira kugwira cholembera, chala cha mkombaphala si chinthu chaching'ono.

Apa ndi pamene kasanjidwe ka njoka kamakhudza ngakhale chipatala. Mankhwala othetsa ululu wa njoka amapangidwa kuchokera ku ululu wa mitundu yosankhidwa, ndipo amagwira ntchito pa mitundu yomweyo ndi abale ake apafupi. Mankhwala a mitundu yambiri opangidwa ndi South African Vaccine Producers ku Johannesburg anakonzedwera njoka 10, monga mphiri, songo ndi mamba zosiyanasiyana. Atractaspis mulibe, ndipo popeza si mphiri monga ankaganizira kale, mankhwalawo sathandiza pa ululu wake. Kubaya munthu mankhwala osowa ndi okwera mtengo chotere pachabe n'kumuika pa ngozi ina, chifukwa anthu ena thupi lawo limadana nawo koopsa. Dokotala akadziwa njoka imene yaluma amadziwanso chimene sayenera kupereka.

Kodi mlimi angazisiyanitse bwanji? Njoka yosapenya ili ndi mamba ofanana kuzungulira thupi lonse, kumsana ndi kumimba komwe, ndipo maso ake ndi madontho chabe pansi pa mamba. Atractaspis ili ndi mamba aakulu opingasa kumimba monga njoka zina zambiri, ndipo maso ake, ngakhale ndi aang'ono, ndi maso enieni. Ikaputidwa imakunga khosi ngati uta, mphuno italoza pansi ngati ikufuna kuboola dothi, kenaka n'kumadzigwedeza mwadzidzidzi uku ndi uku. Zizindikirozi n'zothandiza, koma zisapatse munthu mtima wotola njoka. Kumunda m'mamawa, njoka itapakika matope, palibe amene angaone mamba a kumimba popanda kuitembenuza. Kuwonjezera apo pali njoka zina zakuda zazing'ono, monga Lycophidion capense yodya abuluzi, zimene zilibe vuto koma zimafanana ndi Atractaspis kotheratu, moti ngakhale odziwa njoka amanyengeka. Safunsa anadya phula, koma apa wofunsa ndi manja ndiye amapweteka. Lamulo loyenera kuphunzitsa ana ndi limodzi: kanjoka kakuda sikagwiridwa ndi manja, kamoyo kapena kakufa, pakuti ngakhale mutu wa njoka yophedwa kumene umatha kubaya.

Usiku wa mvula m'lokeshoni

Olumidwa ena sanatole njoka ayi, anangoiponda. M'madera monga Mabvuku, Tafara ndi Epworth, kumene madzi a m'mipopi akhala akuvuta kwa zaka zambiri, amayi ndi atsikana amalawirira kumjigo ndi kuzitsime kudakali mdima, ambiri atavala mapatapata. Magetsi akazima, njira ya kuchimbudzi imakhala yakuda bii. Usiku wofunda wotsatira mvula, pamene ngumbi zikuuluka ndipo ana akuthamangira kukazigwira pachulu, ndi usiku womwewo umene njoka za m'dothi zimatuluka chifukwa mauna adzaza madzi. Tochi ya pafoni ndi nsapato zotseka zimachotsa gawo lalikulu la ngoziyi. Milu ya njerwa, malata akale ndi nkhuni ikhale kutali ndi khomo, mpata wa pansi pa chitseko utsekedwe, ndipo ana ogona pansi atchingidwe ndi neti ya udzudzu yopindiridwa bwino pansi pa mphasa. Kumunda, zophimbira ndi kompositi zitembenuzidwe ndi khasu kapena foloko, osati kukumbatira ndi manja.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017. Ilo limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa ndi ululu wa njoka, ndipo olumala kapena odulidwa ziwalo amachuluka pafupifupi katatu kuposa pamenepo. Mu 2019 linakhazikitsa cholinga chochepetsa imfa ndi kulumalaku ndi theka pofika 2030. Olumidwa ndi Atractaspis ali m'gulu lachiwirilo, la anthu amene safa koma amatsala ndi chilema, ndipo kawirikawiri chilemacho chimakula chifukwa cha zimene zinachitika pakhomo munthu asanafike kuchipatala.

Munthu akalumidwa, choyamba ndi kumuvula mphete, zibangili, wotchi kapena nsapato kutupa kusanayambe. Akhazikike mtima pansi, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, ndipo atengedwe msanga kupita ku kiliniki yapafupi, imene ingamutumize ku chipatala chachikulu monga Parirenyatwa, Sally Mugabe chimene ambiri amachitchabe Gomo, kapena cha ku Chitungwiza. Kumanga chingwe kapena lamba pamwamba pa bala kumatsekera ululu wowononga mnofu pamalo amodzi ndi kuletsa magazi kuyenda, choncho kumafulumizitsa kuwola kwa chala. Kutema mphini, kuyamwa bala, kuika mwala wakuda, kupaka mafuta a galimoto kapena kumwa mowa sikuchotsa ululu, koma kumalowetsa majeremusi ndi kutaya nthawi. Pa ululu wa bala angamwe panado, koma osati aspirin. Kuchipatala amapereka mankhwala oletsa kupweteka, amakweza chiwalocho, amaona ngati pakufunika katemera wa kafumbata, ndipo amayang'anira balalo kwa masiku angapo asanaganize zochotsa mnofu wakufa. Wodwala asaboole thuza yekha, ndipo abwerere pa tsiku limene wauzidwa ngakhale kutupa kutaphwa.

Si kofunika kusaka njokayo kapena kupita nayo kuchipatala, chifukwa anthu ena alumidwa kachiwiri pochita zimenezo. Chithunzi cha pafoni chojambulidwa munthu ataima patali n'chokwanira, makamaka chikaonetsa mutu, mchira ndi chinthu china chodziwika kukula kwake, monga mpini wa khasu. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi angachite bwino kusunga m'mafoni mwawo zithunzi za njoka zitatuzi, yosapenya yonenepa, yowonda ngati chingwe ndi Atractaspis, n'kumazionetsa pa misonkhano ya makalabu a alimi ndi m'sukulu mwezi wa Okutobala usanathe, makasu asanatuluke.

Nanga kanjoka kamene khasu lafukula, kali phiriphiri pamzere? Katapeni ndi fosholo kapena ndi khasu lomwelo pamodzi ndi dothi lake, kaikeni mu ndowa ngati pali ana pafupi, n'kukakatsanula m'mphepete mwa munda pamene pali mthunzi ndi udzu wophimbira. Musakasiye padzuwa. Tinjoka towonda timauma msanga tikakhala pamtetete, ndipo nkhuku za m'lokeshoni sizichedwa kutiona. Dothi likakhala lofewa, kamalowa pansi mphindi imodzi isanathe.